Kambuzi kamasiye kanandidzutsa pa mphasa

Kolera amene anayambira ku Machinga mu Malichi 2022 sanachedwe kufika kuno ku Nkhotakota, ndipo mvula itayamba anali atakhazikika m'madooko a m'mbali mwa nyanja. Pa 5 Disembala chaka chomwecho Pulezidenti wa nthawiyo Lazarus Chakwera analengeza kuti mliriwu wafika poopsa m'dziko lonse. Pamene unkatha, anthu oposa 1,700 anali atapita. Amuna anga ali m'gulu limenelo. Ankapikula usipa m'madooko a kufupi ndi Chia n'kumakagulitsa ku Kasungu. Tsiku lina mu Januwale 2023 anabwera madzulo akudandaula m'mimba, usiku tinathamangira nawo kuchipatala, ndipo kunja kusanache anali atatisiya.

Amene simunaonepo maliro a kolera, Mulungu akupewetseni. Thupi siligona kunyumba. Azaumoyo amalithira klorini, amalikulunga m'pulasitiki, n'kulunjika nalo kumanda tsiku lomwelo. Kusambitsa kulibe, kuona nkhope kulibe, ndipo nthawi imeneyo kuphika pamaliro kunali koletsedwa. Azaumoyowo sindiwada, chifukwa malamulo omwewo ndi amene anapulumutsa ine ndi mdzukulu wanga. Koma paja maliro n'kulirana. Kugona m'siwa ndi amayi anzako, makwaya kuimba mpaka mbandakucha, abale kufika mmodzimmodzi akubuma, zonsezi ndi zimene zimauza mtima kuti munthu wapitadi ndiponso kuti wotsalawe suli wekha. Ine zimenezi sindinazione. Amuna amene ndinakhala nawo kuyambira ndili mtsikana anaikidwa ndi anthu ovala magulovesi, ife titaima patali.

Mantha anatsalira pamudzi. Amayi a Chigwirizano anabwera ndithu, atavala zoyera zawo, anaima pabwalo, anaimba, anapemphera, koma panalibe amene analowa m'nyumba kapena kulandira madzi akumwa. Kumjigo ndowa yanga inkakhala payokha. Mwana wanga wamwamuna ali ku Johannesburg ndipo sakanatha kubwera. Wamkazi anachokera ku Lilongwe, anakhala pang'ono, ntchito n'kumuitana. Ndinatsala ndi mdzukulu wanga, mnyamata amene nthawiyo anali Sitandade 4.

Ndinagwa pa mphasa. Thupi silinkapweteka paliponse, koma kudzuka kunkandilemera. Mpunga wathu kudambo unalowa thengo, mwana ankadziphikira yekha phala popita kusukulu. Chimene chinandiopsa kwambiri n'chakuti kupemphera kunandikanika. Ine amene ndinakulira mu CCAP, amene ndinkayambitsa nyimbo Lachinayi lililonse, ndinkati ndikagwada pakamwa pamauma. Mulungu sindinamukwiyire ayi. Ndinalibe choti ndimuuze basi.

Tinali ndi mbuzi zochepa zimene malemuwo ankazisamala okha. Imodzi inali itangoswa kamwana kakakazi, ndipo kasanalimbe miyendo make anagundidwa ndi lole pa msewu wa M5. Mdzukulu wanga analowa nako kali m'manja, akulira iye, kakulira iko. "Agogo, nakonso kafa?" Sindinamuyankhe. Anakagoneka pa chiguduli pafupi ndi mphasa yanga, n'kukatcha Masiye.

Usiku umenewo sindinaone tulo. Kambuzi kanjala kamalira ngati khanda la munthu, ndipo mayi amene anayamwitsapo sangapirire kulira koteroko. Kutacha ndinadzuka, ndinasukusula, ndinamanga chitenje, popanda wondichonderera.

Vuto linali mkaka. Kuno ng'ombe n'zochepa, makamaka midzi yoyandikana ndi nkhalango kumene kuli kashembe, ndipo mkaka wa m'chitini sindikanaukwanitsa. Mwayi wake kanali katayamwa kale mkaka woyamba wachikasu uja, umene umateteza kamwana ku matenda. Kuseri kwa munda wathu wa chinangwa kumakhala amayi ena achisilamu amene mbuzi yawo inkayamwitsa. Ndinapita mwamanyazi, ndikuyembekeza kuti andiimitsa kumpanda monga ankachitira ena onse. Anangoti, "Lowani achemwali, khalani pamkekapa. Muzikabweretsa m'mawa ndi madzulo mpaka kayambe kudya udzu."

Oweta mukudziwa kuti mbuzi silola mwana wa inzake. Imamununkhiza kumchira, ikangomva fungo lachilendo n'kumugunda. Choncho ntchitoyo inkafuna anthu awiri: wina kugwira nyanga n'kuipanikiza ndi mawondo, wina kugwiriziza kamwana kubere. Ine ndi amayi aja tinkawerama pamodzi mapewa atagundana, mbuzi ikuphiriphitha, ife thukuta kamukamu. Madzulo ena titamaliza anatulutsa kondowole ndi usipa wofutsa, tinasamba m'manja ndi sopo, n'kudyera mbale imodzi. Anali munthu woyamba wakunja kudya nane chimwalirireni amuna anga. Pamenepo ndinalira kulira kumene sindinalire kumanda, iwo osandiletsa, dzanja lawo lili pamsana panga mpaka ndinatopa ndekha.

Pemphero linabwerera motere. Kambuzi kaja kanayamba kutsegula m'mimba, ndipo nditaona zimenezo mtima wanga unadumpha, poti ndi mmene amuna anga anayambira. Mlangizi wa ziweto anatiuza kuti tizikamwetsa pang'onopang'ono madzi owiritsa othira mchere ndi shuga, monga timachitira ndi ana. Pakati pa usiku, ndikukadonthezera ndi sipuni, mawu anangotuluka okha: "Ambuye, aka kokha kasafe." Pemphero lalifupi, lopempherera mbuzi, koma linali loyamba chichokereni kumanda. Kanachira, ndipo pakamwa panga sipanatsekekenso. Ndinayamba kupempherera mdzukulu, kenako ana ali kutali aja, ndipo mapeto ake ndinatha kutchula dzina la amuna anga pamaso pa Mulungu n'kuthokoza chifukwa cha zaka zimene anandibwereka.

Nditabwerera ku Chigwirizano ndinafotokozera mayi busa zonsezi, ndikuopa kuti aona ngati mutu wanga sukuyenda bwino. Iwo anatsegula Yesaya 40:11, pamene Mulungu akumufanizira ndi mbusa wosonkhanitsa ana a nkhosa m'manja mwake, kuwanyamula pachifuwa, ndi kutsogolera mofatsa zoyamwitsa. Anati, "Amayi, mmene munkakanyamulira kambuzi kaja podutsa m'chinangwa, ndi mmene Ambuye ankakunyamulirani inuyo." Vesi imeneyi ndinali nditaimva kuyambira ku Sande sukulu, koma imalowa mwina munthu ukadziwa kufunda kwa kamwana pachifuwa ndi kugunda kwa mtima wake pansi pa chikhatho.

Kuyambira pamenepo ndinayamba kuwerenga Baibulo ndi maso ena, ndipo ndinapeza kuti nyama zilimo paliponse, tinkangozidumpha. Pa 2 Samueli 12 mneneri Natani akufuna kudzudzula mfumu Davide, ndipo akumufotokozera za mmphawi amene analibe kanthu koma kamwana ka nkhosa kamodzi kakakazi. Kanakulira pamodzi ndi ana ake, kankadya chakudya chake, kumwera chikho chake, kugona pachifuwa pake, ndipo kanali ngati mwana wake wamkazi. Davide, amene anali mbusa asanakhale mfumu, sanaseke kuti munthuyu wapenga ndi nkhosa. Anapsa mtima ndi wolemera amene anakalanda n'kukaphera mlendo. Buku la Yona limathera pa funso la Mulungu, lakuti alekerenji kuchitira chifundo Nineve, mzinda wa anthu oposa 120,000 ndi ziweto zambiri. Ziwetozo anaziwerengera nawo. Yobu, munthu amene anaika ana ake onse, ndi yemwe akunena pa mutu 12 kuti tifunse nyama ndipo zidzatiphunzitsa. Pa Luka 16, Lazaro ali pachipata cha wachuma, zamoyo zimene zinamuyandikira ndi agalu okha.

Koma nkhani imene inandigwira mtima kwambiri ndi ya Eliya pa 1 Mafumu 17. Ali yekha ku mtsinje wa Keriti, Mulungu anamutumizira makwangwala ndi mkate ndi nyama, m'mawa ndi madzulo. Khwangwala ameneyu pa Levitiko 11 ali m'gulu la mbalame zonyansa, koma ndi amene anatumidwa. Ndipo taonani zotsatira zake. Mtsinje utaphwa, Mulungu sanamusiye Eliya ndi mbalame mpaka kalekale. Anamuuza kuti anyamuke apite ku Zarefati, kwa mayi wamasiye wa m'dziko la Sidoni, amene sanali wa mtundu wake. Mbalame zinamusunga kwa kanthawi, kenako anaperekedwa m'manja mwa munthu. Ine ndikukhulupirira ndi mtima wonse kuti ndi zimene zinandichitikira. Kambuzi sikanandilalikire. Kanali ndi njala, njalayo inandidzutsa, inandidutsitsa m'chinangwa, n'kundikhazika pamkeka wa mnansi amene sitipemphera pamodzi. Kuchokera pamkekapo ndinatha kubwerera kutchalitchi.

Mkulu wina wa mpingo atamva nkhaniyi anati, "Mayi, chikhala inali nkhosa. Mbuzi paja n'zakumanzere." Ankanena za Mateyu 25. Ndinawayankha mwaulemu kuti kumeneko Ambuye akunena za anthu, amene anaona anjala osawadyetsa, odwala osawazonda, ndipo kuti pa Eksodo 12:5 nsembe ya Pasaka inkaloledwa kuchokera ku nkhosa kapena ku mbuzi. Anavomereza, ndipo mpaka lero akandiona amafunsa za Masiye.

Mwina wina afunsa kuti chiweto chimatonthoza bwanji munthu, poti sichilankhula. N'kusalankhulako. Wamasiye amatopa ndi mafunso: anadwala bwanji, munachedweranji kupita kuchipatala, katundu mugawana liti. Ena pofuna kukulimbitsa amakuuza kuti usalire, chinali chifuniro cha Mulungu, iwe bala likadali laliwisi. Masiye ankangobwera, n'kutsamiritsa mutu pa mwendo wanga, n'kumabzikula. Ndinkamuuza zinthu zimene sindikanauza ana anga poopa kuwadetsa nkhawa. Chinanso n'chakuti chiweto chimagawa tsiku. Chimafuna kutsegulidwa m'mawa, madzi masana, kutsekeredwa dzuwa likamalowa, ndipo munthu amene masiku ake asanduka usiku umodzi wautali amafunika chinthu chomukumbutsa kuti kwacha.

Komatu si onse anazikonda. Masiye atakula ankanditsata kumjigo, kudambo, ngakhale ku mapemphero a pa mlaga, kumene ankagona panja kundidikira. Manong'onong'o anayamba. Ena ankati mzimu wa amuna anga walowa m'mbuzi, ena ankati mbuzi yomvera chonchi si yabwinobwino, mayiyu ali ndi zake. Mdzukulu wanga anabwera kuchokera kusukulu nkhope ili gwa, anzake atamunena kuti agogo ake amatamba. Apa sindinachedwe. Ndinatenga mkulu wa mpingo n'kupita kwa amfumu, ndipo amfumu pamsonkhano wa mudzi ananena poyera kuti mbuzi yoleredwa pamanja imatsata woilera, ndipo kuti wotchula mnzake mfiti akuphwanya lamulo. N'zoonadi: lamulo la 1911 lokhudza ufiti limaletsa kuloza munthu chala kuti ndi mfiti. Nkhani zoterezi si zocheza. Mu Januwale 2016 ku Neno anthu anapha okalamba anayi powaganizira ufiti mphenzi itapha mtsikana. Ndikupempha Akhristu anzanga, mukaona agogo okhala okha akulankhula ndi mphaka kapena galu wawo, dziwani kuti mwaona munthu wosungulumwa. Loweni mucheze nawo.

Ndinene momveka bwino kuti amuna anga sali m'mbuzi. Ali m'manja mwa Mulungu, akudikira kuuka kwa akufa. Masiye sindimupembedza, sindimufunsa za mawa, ndipo Paulo pa Aroma 1:25 anachenjeza kale za kutumikira cholengedwa m'malo mwa Mlengi. Ndi mbuzi, imadya chimanga cha eni ndikapanda kuimangirira. Wondithandiza ndi amene anaituma.

Yesero lina linabwera mu 2024 pomanga chiliza. Popeza maliro aja sanalirike bwino, abale anafuna kuti tsikulo anthu adye mokwanira, ndipo alamu anga aakulu analoza Masiye, poti ndiye anali wonenepa m'khola monse. Nditakana anati, "Mlamu, chiweto n'chiweto. Kodi mbuzi ikuposa m'bale wathu?" Anawawidwa mtima, ndipo ndinawamvetsa, chifukwa nawonso anataya mng'ono wawo osamuona nkhope. Ndinawakhazika pansi n'kuwafotokozera zonse zimene ndalemba panozi, kuyambira pa mphasa paja. Ndinapereka tonde ndi nkhuku, anthu anadya anakhuta. Nyama ndimadya, ndipo sindiletsa munthu kupha chiweto chake, poti pa Genesis 9 Mulungu anatipatsa zimenezi kuti zikhale chakudya. Koma m'mutu womwewo pangano la utawaleza analichita ndi Nowa pamodzi ndi zamoyo zonse zotuluka m'chingalawa. Pali chiweto cha ndiwo, pali china chimene munthu wadutsa nacho m'chigwa, ndipo achibale azifunsa kaye asananole mpeni.

Chitonthozo chimenechi chili ndi ngongole yake. Miyambo 12:10 imati wolungama amasamalira moyo wa chiweto chake, ndiye sizingatheke kuti munthu uzitonthozedwa ndi nyama imene ukuigoneka m'matope. Masiye atasiya kuyamwa ndinamutulutsa m'nyumba, ndipo mlangizi anatithandiza kumanga khola lam'mwamba, lapansi pa timitengo totalikirana pang'ono kuti ndowe zizigwera pansi. Mankhwala a nyongolotsi timamwetsa mvula ikamayamba ndiponso ikamatha. Majumbo ndimatola pabwalo tsiku ndi tsiku, chifukwa mbuzi ikawameza amakaunjikana m'mimba, imaonda pang'onopang'ono mpaka kufa. Kuno kwathu kwa chinangwa samalani ndi makoko a chinangwa chowawa: aawisi amapha mbuzi, yambani mwawayanika aume. Ngati chokutonthozani ndi galu kapena mphaka, kabayitseni katemera wa chiwewe chaka chilichonse alangizi akalengeza. Munthu akalumidwa, tsukani bala ndi sopo pa madzi oyenderera kwa mphindi 15, n'kuthamangira kuchipatala tsiku lomwelo, chifukwa chiwewe chikangoyamba kuonekera sichichizika. Ndipo mukagwira chiweto sambani m'manja musanadye. Ine amene ndinaona kolera sinditopa kunena zimenezi.

Kwa amene muli ndi m'bale amene wagwa pa mphasa monga ndinagwera ine, musangomusiyira chiweto n'kumati mwathana nazo. Ngati sakudya, sakugona, sakusamba, kapena wayamba kulankhula zoti kuli bwino angotsatira malemu, amenewo ndi matenda, ndipo kuchipatala kuli thandizo lake. Mutengeni, muuzeni abusa, musamusiye yekha usiku. Ndiponso amene chiweto chake chafa musamuseke akalira. Madzi atasefukira ku Dwangwa kumapeto kwa Febuluwale 2024, anthu anataya nyumba, mbewu ndi ziweto, ndipo amayi ena amene anadzakhala kwa abale awo m'mudzi mwathu ankalira galu wawo kuposa ziwiya. Ena ankadabwa nazo. Ine ndinakakhala nawo pansi, anandifotokozera mmene galuyo ankawaperekezera kumunda chimwalirireni mwana wawo.

Mdzukulu wanga anafunsa abusa tsiku lina pambuyo pa kalasi kuti kodi Masiye adzapita kumwamba. Sanamukalipire. Anamuuza kuti Baibulo silinena mwachindunji za chiweto chilichonse pachokha, koma pa Aroma 8 limati chilengedwe chonse chikubuula podikira kumasulidwa, ndipo Yesaya 11:6 pofotokoza ufumu wa mtendere akutchula nyalugwe atagona pansi pamodzi ndi mwana wa mbuzi. Anati Mulungu amene saiwala ngakhale mpheta imodzi, monga akunenera Luka 12:6, tingathe kumusiyira nkhaniyi osaopa. Mnyamatayo anakhutira, ndipo inenso yankho limeneli limandikwanira.

Mbuzi imatenga bere miyezi isanu, ndipo Masiye ataswa koyamba anaswa awiri. Wamwamuna ndinagulitsa, ndalama zake zinagula yunifolomu ndi nsapato za mdzukulu. Wamkazi ndinafuna kupereka kwa amayi achisilamu aja pothokoza, koma anakana, amvekere mkaka wa mbuzi sagulitsa kwa mnansi. Ndiwo anandikumbutsa za agogo ena a pa mlaga wathu amene mwana wawo wamkazi, yemwe ankawasunga, anali atangomwalira. Tinakapereka kumeneko katasiya kuyamwa. Anyamata a mpingo anamanga khola, ndipo Loweruka mdzukulu wanga amapita kukasesa pansi pake ndi kudula masamba, ine ndi amayi aja timapita naye titanyamula ufa wa kondowole.